Mzere Womaliza pa Mbiri ya a Dimas Wosomo

Abambo ndi amayi, atsogoleri a mpingo, abale amene mwaoloka kuchokera kuzilumba za Moa ndi Erub komanso kumzinda wa Cairns, ndi nonse amene mwabwera kudzakhuza maliro ano: ine ndine Seriat, mkazi wa a Aven Wosomo, mng'ono wa malemu. Ndaima pano chifukwa maliro timayendetsa ndife okwatira ndi okwatiwa m'banjamo. Eni magazi ntchito yawo n'kukhala pansi ndi kulira.

Lachiwiri, titakumana kuti tigawane ntchito, azakhali a Hilda anachenjeza kuti pepala ili apatsidwe wina aliyense koma osati ine. Anati mzere womaliza, wotchula amene malemu asiya, si wowerengetsa mayi wa mwanayo. Palibe anawamvera. Wina anati mawu ake asasa, wina anati magalasi anaiwala kuchilumba cha Waiben, ndipo pepala linatsala m'manja mwanga. Mzerewo anandipatsa ndi amalume a Horace, wolembalemba: "Malemu asiya mkazi ndi mwana mmodzi wamkazi." Mwana akunenedwayo ndi Tala, amene ali pamiyendo ya mayi amasiye apo, ndipo ndinamubereka ndine. Nonse mukudziwa kuti mawu otere akanenedwa pagulu ngati lino, nkhani yatha. Mwana wapita ndipo sizidzakambidwanso. Tifika kumeneko.

Malemu a Dimas Wosomo anabadwa pa 14 Ogasiti 1988 m'chipatala cha ku Waiben. Anali mwana woyamba wa malemu bambo Getano ndi malemu mayi Ettie Wosomo a pachilumba cha Badu pano. Aka n'koyamba dzina limeneli kutuluka pakamwa panga, pakuti mlamu satchulidwa dzina. Mu 1990 kunabadwa a Aven. Pofika 1998 mng'onoyu anali atawapitirira kale msinkhu, ndipo kuyambira pamenepo mkulu ndiye amavala zosiya za mng'ono. Mayi awo ankapinda makabudula kawiri, anthu kutchalitchi n'kumafunsa kuti wamkulu ndi uti.

Sukulu ya pulayimale anayamba mu 1994 pano pa Badu. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anadwala zilonda zapakhosi, mawondo n'kutupa, ndipo anagona miyezi iwiri. Atadzuka, aliyense anaiwala za matendawo. Basiketibolo anaphunzirira pabwalo la simenti kuseri kwa sukulu, pamene panali mkombero woponyamo mpira umodzi wokha, wokhota, ndipo kunyumba kwawo mpira unali umodzi. A Aven ankangounyamula pamwamba pa mutu, mkulu wawo n'kumalumpha pachabe, ana ena akuseka. Malemu anasiya kulumpha. Anayamba kudikira. Ankanena kuti munthu sangayende ndi mpira osaugunditsa pansi, ndipo pansipo m'pamene amakhala iwo. Chifukwa choyenda chowerama komanso cham'mbali, anzawo anawapatsa dzina loti Kankhanu.

Kuyambira 2001 mpaka 2005 anali kusekondale ku Waiben. Msinkhu wawo unaima pa mita imodzi ndi masentimita 61 ndipo sunasunthenso. Zaka ziwiri zoyamba aphunzitsi a masewera ankawapatsa buku lolembamo zigoli kuti azikhala pa benchi. Malemu ankati zaka zimenezo n'zimene zinawaphunzitsa mpira, chifukwa wolemba zigoli amaona manja a aliyense: amene amagunditsa mpira patali ndi thupi, amene amayang'ana pansi akatopa, ndi amene dzanja lake lamanzere ndi lokongoletsera chabe.

Mu Juni 2006 kunali mpikisano wa zilumba. Mphunzitsi wina wa ku Cairns anaona a Aven, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, atatsala pang'ono kukwana mamita awiri, ndipo anawaitanira ku Cairns komweko kuti akawayese. Chilumba chonse chinadziwa kuti wosewera wathu ndi ameneyo. Amalume a Horace anati wachichepere sapita kumtunda yekha, apite ndi mkulu wake azikamunyamulira chikwama. Tsiku loyesalo kunaperewera munthu mmodzi. Malemu anabwerekedwa nsapato za mwana wamkazi wa mphunzitsiyo, ndipo anauzidwa kuti atchinge wamtali uja. Mphunzitsi sankadziwa kuti awiriwa anakulira pa mpira umodzi. Malemu nawo sanaganize kuti pano si kuseri kwa sukulu. Anasewera monga ankachitira kunyumba, kumene mkulu sagonjera mng'ono alendo akuona. M'mphindi makumi awiri analanda mphwawo mpira kasanu ndi kamodzi.

Ndege itatera pano, bambo awo anali atabwera ndi banja lonse komanso ng'oma. Anafunsa ngati mwana wathu amutenga.

"Atenga wolakwika, bambo," anatero malemu.

"Atenga wonyamula chikwama," anatero a Aven, ndipo ananyamula okha chikwamacho mpaka kunyumba.

Ng'oma ija sinaimbidwe. A Aven sanapitenso pabwalo la simenti. Chaka chomwecho anayamba ntchito yomira pansi pa nyanja kugwira nkhanu zikuluzikulu, ndipo ndiyo akugwira mpaka lero.

Kuchokera 2007 mpaka 2009 malemu anasewera m'ligi ya chigawo. M'mawa ankalongedza nthochi m'makatoni, madzulo n'kumathamanga. Mu 2010 anasaina ndi timu ina ya kum'mwera ya m'ligi yaikulu, imene pano inatha. Tsiku loyamba mlonda wapachipata anawabweza, kuwauza kuti otola mipira amalowera kuseri. Yunifolomu yawo inachita kusokedwa payokha. Pachithunzi cha timu mutu wawo unkalekezera pa nambala za pachifuwa za anzawo.

Ankalowa mphindi khumi ndi zinayi zokha pamasewero, koma akangodzuka pa benchi bwalo lonse linkaimirira, ndipo ana ankavala nambala 4 yawo kuposa ya wina aliyense. Izi sizinakondweretse amene ankathamanga masewero onse. Tsiku lina mnzawo wina wamtali, wochokera kunja, anamangirira nsapato zawo pamkombero. Malemu anakhala pansi pomwepo opanda nsapato, nati iwo makwerero sapempha, womangirirayo awanyamule. Mphunzitsi anapinda manja n'kumadikira. Pamapeto pake wamtaliyo anawaika pamapewa, wina anajambula, ndipo chithunzicho chinatuluka m'nyuzipepala. Ana ovala nambala 4 anawonjezekera, ndipo wamtali uja sanawayankhule mwezi wathunthu.

Kuno kwathu nako tisabisale. Alipo, ndipo ena ali pano, amene ankati kum'mwera akumulipira kuti aziseketsa anthu. Omwewo Khirisimasi ikafika ankayamba kufika kudzapempha nsapato. Ine ndinali mbali ina. Ndili kusekondale mu 2013 ndinamata chithunzi chawo m'kope langa la masamu, monga atsikana onse a m'kalasi mwathu. Amuna anga atamva zimenezi, titakwatirana kale, anadya kwa azakhali a Hilda masiku awiri.

A Aven ankanena kuti mpirawo saonera. Masewero akamaonetsedwa pa kanema kwa asuweni awo, iwo sankalowa. Ankaima pakhomo, mutu utagunda denga, akuti akudikira madzi a m'nyanja adzale kuti boti linyamuke. Zigoli za mkulu wawo sankawerenga. Ankawerenga mipira imene wataya. Malemu atamva zimenezi sanakwiye. Anayamba kuimba foni masewero aliwonse akatha.

"Lero ndataya ingati, mphwanga?"

"Isanu, achimwene. Wachitatu uja ngakhale azakhali a Hilda sakanautaya."

"Zikomo. Moni kunyumba."

Foni inkathera pomwepo. Kwa zaka zisanu ndi zinayi abale awiriwa sankakambirana china koma chimenecho. Malemu ankauza anzawo kuti dziko lonse limawaombera m'manja chifukwa ndi aafupi, koma pali munthu mmodzi yekha amene amawaona ngati wosewera.

Chaka cha 2013 ndicho chinali chawo. Palibe m'ligimo anawaposa kulanda mipira. M'masewero olowera mu ndime yomaliza, kutatsala masekondi asanu ndi anayi timu yawo ikutsalira ndi chigoli chimodzi, anadutsa pansi pa chigongono cha munthu wotalika mamita awiri ndi masentimita khumi, kumulanda mpira, ndipo m'malo moponya okha anapatsira wamtali uja amene anawamangirira nsapato. Anapambana. Kuno anthu anathamangira pamsewu ndi mapoto. A Aven anangoti, "Ataya inayi," n'kupita kukayang'ana injini ya boti.

Pa 20 Disembala 2014 malemu anakwatira mayi Bethalia a ku Erub, mphunzitsi wa ana aang'ono. Kuyambira 2015 anasewera ku New Zealand, kumene ankadandaula kuti kuzizira kumawachotsera sentimita ina. M'maligi aakulu anasewera masewero 231. M'masewero onsewo dzanja lawo silinakhudzepo mkombero, ndipo ankati sanaone chifukwa choukhudzira.

Mu Febuluwale 2019 anagwa akuchita masewera okonzekera. Madokotala anapeza kuti matenda a ubwana aja, zilonda zapakhosi zimene aliyense anaiwala, anali atawononga zotsekera za mtima. Anasiya mpira ali ndi zaka makumi atatu. Mu 2020 anabwerera pa Badu, kulowa m'nyumba yoyandikana ndi yathu, ndipo anayamba kuphunzitsa ana pabwalo lomwe lija. Mkombero wokhota uja anauwongola.

Apa zinthu zinatembenuka. Ine ndi a Aven tinali titakwatirana mu 2019, ndipo mu 2020 tinabereka Getano. Kunyumba ya malemu kunali zikho, mamendulo ndi zithunzi, koma kunalibe mwana. Ine ndili ndi chizolowezi choyang'ana nkhope za anthu, ndipo ndinkaona. A Aven akamuika Getano pamapewa, ankachita kudutsa pakhonde la mkulu wawo, ngakhale njira yachidule yopita kunyanja ili kuseri. Malemu ankaseka nati mwana ameneyo akuona mpaka ku Moa, pamene pamapewa pawo akanangoona malamba a anthu. Pakamwa pankaseka, koma maso ankatsatira mwanayo mpaka atakhota.

Mu Okotobala 2022, ndili woyembekezera kachiwiri, malemu anabwera kwathu ndi amalume a Horace. Mipando inalipo koma anakhala pansi, mkulu pamaso pa mng'ono wake. Ndikudziwa kuti nkhani zotere sitizikamba pagulu, koma iyi inali isanathe, ndipo palibe pano amene sakuidziwa. Anapempha monga mwa mwambo wathu kuti mwana ali m'njirayo akakule m'nyumba mwawo ngati wawo. A Aven anavomera mkulu wawo asanamalize kuyankhula. Chiyambire 2006, aka kanali koyamba kuti iwo akhale ndi chinthu chimene mkulu wawo akuchifuna. Tsiku limenelo anayenda ngati atalikiranso. Ine ndinali kukhitchini ndikupala kokonati. Anandiitana pambuyo pake, ndipo ndinagwedeza mutu monga ndinaphunzitsidwira. Mwambowo ndi wabwino. Ambiri pano analeredwa choncho ndipo anakula bwino. Koma kokonati uja ndinamupala mpaka chigoba.

Tala anabadwa pa 3 Febuluwale 2023. Amayenera kuperekedwa m'masabata oyamba, koma mwezi womwewo malemu anatengedwa kupita ku Brisbane kukachitidwa opareshoni ya mtima, ndipo akuluakulu anati tidikire nyumba ilimbe kaye. Tinadikira chaka ndi miyezi itatu. Mayi Bethalia ankabwera tsiku lililonse. Anasoka madiresi asanu ndi atatu, ndipo ndinawawerenga. Amadziwa nyimbo zogonetsa ana kuposa ine. Tsiku limene Tala anayamba kuyenda tonse awiri tinatambasula manja, ndipo anapita kwa iwo. Mayi wa mwanayo anaomba m'manja ngati ena onse, kenako anapita kukaanula zovala zimene zinali zisanaume. Kuyambira pamenepo ndikamva chitseko chawo chikutseguka, ndinkamuika mwana kubere ngakhale asanalire.

Malemu sanapezenso mphamvu. Komabe ankapita kubwalo ndi mpando wapulasitiki, n'kumakalipira ana aatali kuti agunditse mpira pafupi ndi bondo. Mu Epulo chaka chino anayamba kutupa miyendo ndi kubanika, ndipo anawatengera kuchipatala ku Cairns. A Aven anapita kukawaona kamodzi. Anakhala masana onse, ndipo akuti anakambirana za nyengo ndi za injini. Malemu anatisiya Lolemba pa 6 Meyi 2024, ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu.

Zimene zikutsatirazi ndalemba m'mawa uno kuseri kwa pepala. Ndikumuveka Tala, mayi Bethalia analowa ndi diresi lachisanu ndi chinayi, loyera, limene wavalalo. Ndinaganiza kuti abwera kudzamutenga mwambo usanayambe, ndipo ndinamugwira mwamphamvu mpaka analira.

"Make Getano, khala pansi," anatero. "Alamu ako anandisiyira mawu ku Cairns, ndipo ndinawabisa milungu itatu. Ndinkakuona ukuyamwitsa, mtima n'kumandiwawa, ndiye ndinati alembe mzere wawowo amalume, ine sindinamve kanthu."

Ndinafunsa kuti mawu ake ndi otani, achemwali.

"Anati, 'Moyo wanga wonse ndakhala ndikuyang'ana manja a anthu. Ndimadziwa dzanja lofuna kupatsira ndi dzanja logwiritsa. Mphwanga anapereka kuti andipose. Manja a mlamu sanapereke. Tsiku loyesedwa lija ku Cairns ndinalanda mwayi wa mphwanga ndisakudziwa. Apa ndikudziwa. Ukamuuze kuti mwana ndi wake.'"

Sindinawathokoze pomwepo. Ndinkangoganiza za milungu itatu ija. Iwo anamaliza kumanga mabatani a mwanayo.

A Aven ndinawapeza ku uvuni wa pansi, dzenje lophikiramo ndi miyala yamoto, akukonza miyalayo. Nditawauza, anamaliza kaye kusanja miyala. Kenako anati chinthu chimodzi chokha chimene anamupatsapo mkulu wawo, nachonso wawabwezera, ndipo wachita ali pamalo poti sangamuyankhe. Nditayamba kuchoka anandiitana.

"Ukawerenge kuti apa mpira sanataye."

Amalume a Horace akumva zimenezi koyamba pano. Ndawalakwira pamaso pa anthu, ndipo mawa ndidzapita kukakhala pansi pakhomo pawo. Azakhali a Hilda, munanena. Koma mzerewo ndiwerenga motere.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Bethalia Wosomo. Asiya mng'ono wawo mmodzi, a Aven. Asiya amalume a Horace ndi azakhali a Hilda. Asiya ana awiri a mng'ono wawo, Getano ndi Tala. Asiyanso ana makumi atatu ndi anayi a pabwalo la kuseri kwa sukulu, amene avala nambala 4 ndipo anyamula bokosi kuchokera kunyumba.

M'malo mwa banja ndikuthokoza anamwino ndi madokotala a kuno, a ku Brisbane ndi a ku Cairns, abale a ku Cairns amene ankagona kuchipatala mosinthana, amayi amene aphika chinangwa ndi nsomba kuyambira Lachitatu, amuna amene akumba manda pathanthwe paja, oimba ndi ang'oma, komanso osewera anayi akale amene abwera kuchokera kum'mwera. Mmodzi mwa iwo ndi uja wa nsapato. Mwamuona, ndi amene anawerama polowa.

Chomaliza ndi uthenga wa mayi amasiye. Akudziwa kuti amayenera kukhala nafe kaye masiku angapo, ndipo akupepesa. Asankha kunyamuka kusanache. Mlongo wawo awaolotsa pa boti madzi akangodzala, kuti akakwere ndege yopita kwawo ku Erub. Akuti Tala amadzuka dzuwa likamatuluka n'kuyamba kuloza chitseko chawo, ndipo akamumva akuitana sangadalire mtima wawo. Adzabwera tsiku lovundukula chiliza. Amene mukufuna kutsanzikana nawo mutero lero tikachoka kumanda. Anandipempha kuti mwanayo akhale m'manja mwawo mpaka nthawi yonyamuka, ndipo ndavomera. Mphasa yanga ndiyala pakhomo pawo.

Alamu anga, a Dimas, munaona manja anga pamene ena onse ankaona mutu ukugwedezeka. Pitani bwino. Mzimu wanu uuse mumtendere.